Mwana Akakonda Buku ndi Kudana Nalo Nthawi Imodzi

Tsiku lina mudzafunsa mwana za nkhani imene wawelenga, ndipo adzayankha kuti, "Aphunzitsi, yandikondweletsa, koma yandinyansanso." Aphunzitsi ambili amamuuza kuti asankhe cimodzi. Inu musatelo. Yankho lotele limaonetsa kuti mwanayo wawelenga ndi maganizo, ndipo nchito yanu ndi kumuthandiza kulifotokoza bwino.

Citsanzo cabwino ndi buku la Cingelezi lochedwa The Giver, limene Lois Lowry wa ku America anafalitsa mu 1993, ndipo linalandila mphotho ya Newbery mu 1994. Ndi limodzi mwa mabuku a acinyamata amene amasimba za dziko lopeka, looneka labwino pamaso koma lowola mkati. M'dzikolo mulibe njala, nkhondo kapena ulova. Komabe anthu saona mitundu ya zinthu, sasankha nchito, ndipo sasankha mwamuna kapena mkazi. Akulu ndiwo amawasankhila. Mnyamata Jonas, wa zaka 12, apatsidwa udindo wolandila zikumbukilo zonse zakale kucokela kwa nkhalamba ina. Pamenepo adziwa cikondi ndi ululu umene anzake sadziwa. Pambuyo pake aona atate ake akubaya jekeseni yakupha khanda limodzi la mapasa, popeza lamulo la dzikolo silifuna anthu awili ofanana. Jonas athawa ndi khanda lina, Gabriel, limene nalonso linali kudikila imfa yomweyo.

Owelenga ambili amagawika mumtima pa zifukwa ziwili. Coyamba, amayamba asilila mtendele wa dzikolo, kenako n'kucita manyazi atadziwa mtengo wake. Caciwili, nkhaniyo ithela pa phili lozizila kwambili, Jonas atafooka ndi njala, akumva ngati nyimbo patali. Wolemba sanena ngati anawo anapulumuka. Ena amati mathelo otele ndi okoma, ena amaona ngati anamizidwa. Funsolo linayankhidwa poyela m'buku la Son la mu 2012, mmene onse awili ali moyo. Ngakhale makolo anagawika: ku America ena anapempha kuti bukuli licotsedwe m'masukulu, pamene aphunzitsi ena anapitiliza kuliphunzitsa.

Bukuli mwina simudzaliphunzitsa m'kalasi la Cinyanja, koma kugawika kumeneku mudzakumana nako. Ana amaseka Kalulu akapusitsa Njovu, komanso amadziwa kuti bodza ndi loipa. Mukamva yankho la mbali ziwili, tsatani njila iyi:

1. Lembani pa bolodi mitu iwili: "Cimene ndakonda" ndi "Cimene candivuta." Mwana achule cinthu cimodzi pansi pa mutu uliwonse.
2. Pa ciliconse funsani kuti, "Ndi pati m'nkhani pamene unamva conco?" Maganizo opanda umboni wa m'nkhani sakwanila.
3. Muthandizeni kusiyanitsa kudana ndi cocitika ndi kudana ndi kalembedwe. Wonyansidwa ndi imfa ya khanda lija wamva zimene wolemba anafuna kuti amve. Wodandaula ndi mathelo akuweluza luso la wolemba. Zonse ziwili n'zololeka, koma si cinthu cimodzi.
4. Alembe ciganizo cimodzi cogwilizanitsa mbali zonse, pogwilitsa nchito mau monga "koma", "komabe" ndi "ngakhale kuti". Apa phunzilo la kuwelenga lakumana ndi la malamulo a cinenelo.

Cenjelani ndi cinthu cimodzi: musafulumile kunena maganizo anu. Mphunzitsi akanena kuti buku ndi labwino, ana onse amavomela, ndipo uja anali ndi cikaiko amakhala cete. Mwana amene waphunzila kuti yankho lolondola ndi limodzi cabe amaleka kufunsa zimene awelenga.

Nchito: Sankhani nthano imodzi imene munamva muli mwana, yomwe inakukondweletsani ndi kukuvutitsani. Lembani mafunso 3 amene mungafunse ana a Giledi 6 pa nthanoyo.