Kaundula wa Amasiye: Gawo Lachitatu

Buku loyamba linali la chikuto chakuda, lija amaonetsa alendo. Lachiwiri linali kope wamba la ana asukulu, limene Tadala analipeza Lachisanu pansi pa makatoni a kolorini. Anawayala onse awiri patebulo, nayamba kutsata mayina ndi chala.

Mayina anali amodzimodzi, ana 64. Koma m'buku lakuda, pamzere wa bambo, ana 19 analembedwa kuti "anamwalira." M'kope muja, pa mayina omwewo, dzanja la aNyaManda, mayi wosunga kaundula wa bungwe, linalemba zina: Joni, 2015. Joni, 2018. Cape Town, sakumveka.

Pochoka ku Mzuzu University kubwera ku atachimenti kuno ku Nkhata Bay, Tadala ankaganiza kuti ntchito ya bungwe la mpingo ndi kugawa phala ndi kutsogolera pemphero. Chaka cha 2022 chinamuphunzitsa zina. Kolera atafika m'bomali, iye anasenza ndowa, anathira mankhwala m'zitsime, anasanza m'boti ulendo wa ku Usisya mwera ukuomba. Mtsikana wa ku Dedza amene poyamba ankakanika kumeza kondowole tsopano ankanyambita mbale ya batala. Anthu anasiya kumutchula mlendo. Ndipo poti ankadziwa kompyuta, abusa anamupatsa ntchito yolongosola kaundula, chifukwa Lolemba lomweli kunkabwera mzungu wochokera ku mpingo wa ku Scotland umene umalipira fizi ya anawo.

Chitseko chinalira. AnyaManda analowa atanyamula fulasiki ya tiyi. Maso awo anagwera pa kope lija, ndipo sanafunse kanthu. Anakoka mpando n'kukhala.

"Ama," Tadala anayamba, mawu akunjenjemera, "bambo ake a Wezi ali moyo?"

"Moyo wake uti, mwanangu?"

"Apa munalemba kuti ali ku Joni."

"Anakwera basi Wezi ali Sitandade 3. Chaka choyamba ankatumiza. Chachiwiri anatumiza bulangete ndi foni. Kuyambira pamenepo, zii. Mayi ake amaanika usipa wa eni ake pathandala kuti apeze ya mchere. Iweyo wawerenga mabuku, undiuze: mwana ameneyu ali ndi bambo?"

Tadala sanayankhe. Lamulo ankalidziwa bwino. M'kalasi anaphunzira kuti wamasiye ndi mwana wosakwana zaka 18 amene kholo limodzi kapena onse awiri anamwalira. Mgwirizano wa bungwe ndi a ku Scotland unatengera mawu omwewo. Panalibe mzere wa mwana wa mtchona.

"Kuno kwathu amuna sanayambe lero kupita kummwera," aNyaManda anapitiriza uku akuthira tiyi. "Clements Kadalie, uja anayambitsa bungwe la apantchito ku Cape Town mu 1919, kwawo ndi ku Chifira, pafupi ndi Bandawe pompa. Iyeyo dzina lake lili m'mabuku. Nanga ena aja? Agogo anga anapita kumigodi, manda awo sitikuwadziwa. Mwamuna wanga anapita. Ine ndinakulira m'nyumba ya mtchona, ndinakwatiwanso m'nyumba ya mtchona. Wakufa amakulirira anthu, amakusonkhera, mpingo umabwera kudzakupepesa. Wa mtchona palibe amakuponyera ngakhale tambala, chifukwa amati mwamuna wako ali ku ndalama."

"Koma ndi bodza, ama. M'nyumba ya Mulungu."

"Ndi bodza, eya. Ndimalapa Lamulungu lililonse. Ndalama sindinadyepo ngakhale imodzi, werenga malisiti onse. Ana 19 amenewo, asanu ndi awiri ali ku sekondale. Wezi alemba mayeso a Fomu 4 chaka chamawa."

Malisiti Tadala anali atawawerenga kale, kawiri konse. Panalibe tambala yosowa. N'chifukwa chake mtima unkamuwawa chotere. Akanakhala wakuba, nkhani ikanaphweka.

"Abusa akudziwa?"

"Abusa anabwera chaka chatha. Amasayina zimene ndawapatsa."

Pansi pa lipoti limene Tadala anasindikiza panali mizere iwiri: wokonza, ndi wovomereza. Mzere woyamba unali wake. Lipoti lomwelo linkayenera kupitanso kwa aphunzitsi ake ku Mzuzu. Anaganiza za mayi ake amene anagulitsa mbatata ya kachewere ya munda wonse kuti iye afike chaka chachitatu. Anaganizanso za Wezi, amene ku Usisya anamugwira dzanja potsika m'boti, namuphunzitsa kuyankha kuti "nde umampha" agogo akamulonjera.

Lolembalo, nthawi ikuti 10 koloko, galimoto yoyera inakwera chitunda kuchokera kumsika. Ana anali atandanda pabwalo, yunifolomu yochapa, akuimba. Mlendo anatsika ndi chikwama cha mapepala, mayi wa imvi, wansangala, wodziwa kunena "yewo." Anakumbutsa abusa kuti agogo ake ankasonkhera mishoni ya Livingstonia kuyambira kale, ndipo anapempha kuti mawa akaone Bandawe, kumene Dr Robert Laws anasamutsira mishoni mu 1881. Kenaka anakhala patebulo, natsegula buku lakuda.

"Ndikufuna kucheza ndi ana angapo," anatero kudzera mwa abusa. Chala chake chinayenda n'kuima. "Uyu. Wezi."

Wezi analowa, nagwada pafupi ndi chitseko. Abusa anamukankhira Tadala lipoti ndi cholembera. "Sayinani apa, achemwali, tisachedwetse alendo."

Tadala anagwira cholembera. AnyaManda ankayang'ana pawindo, kunyanja, milomo ikuyenda mwakachetechete.

Panja nyimbo ya ana inaduka pakati. Kunamveka njinga yamoto ya kabaza ikuzima, kenaka mawu a mlonda akuletsa munthu, kenaka nsapato zolemera pakhonde. Pakhomo panaima bambo wowonda, wovala jekete lachikopa, chikwama chachikulu cha mizeremizere chili paphewa, fumbi la ulendo wautali lili m'tsitsi.

Wezi anadzuka pang'onopang'ono, dzanja lili pakamwa.

Bamboyo sanamuyang'ane mwanayo. Anayang'ana abusa, anayang'ana mzungu, kenaka buku lakuda lili chitsegukire patebulo.

"Pepani, azibusa," anatero. "Ndafika usiku. Kumudzi andiuza kuti ofesi ino ndi imene inalemba kuti ine ndinafa. Ndabwera kudzaona amene analemba."

Mlendo uja anatembenukira kwa Tadala, namufunsa m'Chingerezi kuti bamboyo akuti chiyani.