Galimoto Zoyendera Gasi ku Dar es Salaam: Mwini Wake Ayenera Kudziwa Chiyani?

Amuna athu amene amapita ku Dar es Salaam kukatenga mafuta abwera ndi mbiri yakuti kumeneko kuli matakisi ndi tinjinga ta miyendo itatu toyenda popanda petulo. Mbiriyi ndi yoona. Dziko la Tanzania lili ndi gasi wa pansi pa nthaka: wa pa chisumbu cha Songo Songo anayamba kufika mumzindawo mu 2004, ndipo mpope waukulu wochokera ku Mtwara unatsegulidwa mu 2015. Boma la kumeneko likulimbikitsa anthu kuyendetsera galimoto gasiyu, popeza petulo amagulidwa ndi ndalama zakunja pamene gasi ndi wawo womwe.

Chimene chakopa madalaivala ndi mtengo. Gasi amagulitsidwa pa kilogalamu, ndipo mu 2024 kilogalamu imodzi inali pafupifupi theka la mtengo wa lita ya petulo. Koma malo omwetsera anali owerengeka, kotero kuti ambiri ankataya maola pa mzere ku Ubungo.

Tsono awerengi asayese kuti ameneyu ndi gasi wophikira uja. Wophikira ndi wolemera kuposa mpweya, ndipo akatayika amakhala pansi. Wa galimotoyu ndi wopepuka, amakwera kumwamba. Chofunika kuopa ndi mphamvu imene amapanikizidwa nayo mu silinda, imene ili mabaa 200, ndiko kunena pafupifupi kuchulukitsa ka 100 mpweya wa m'tayala la galimoto. Chitsulo wamba sichingapirire zotere. Mu Okutobala 2024 galimoto ina inaphulika pomwetsa gasi mumzinda wa Benin ku Nigeria, anthu navulala. Akuluakulu atafufuza anapeza kuti silinda yake inali yongowotcherera, yosavomerezeka. Silinda yeniyeni imakhala ndi chidindo chosonyeza chaka chimene inapangidwa ndi mphamvu imene inayesedwa nayo, ndipo iyenera kupimidwa nthawi ndi nthawi; ku India lamulo limati zaka zitatu zilizonse. Ikachita dzimbiri kapena kupindika pa ngozi, saikonza ayi, amaichotsa.

Pomwetsa, injini izimitsidwe, anthu onse atsike, fodya asayandikire. Munthu akamva fungo la gasi atseke pakamwa pa silinda, atsegule mazenera, ndipo pofuna malo otayikira apake thovu la sopo m'molumikizira mapaipi. Machesi sayeseramo.

Injini nayo ili ndi zofuna zake. Galimoto zambiri zosinthidwa zimalira ndi petulo, kenaka zimatembenukira ku gasi injini ikatentha, chifukwa chipangizo chochepetsa mphamvu ya gasi chimafunditsidwa ndi madzi a injini. Motero thanki ya petulo isaume. Dalaivala woumira amene amayenda ndi thanki youma adzagula pampu yatsopano, ndipo phindu la mwezi wonse lidzathera pomwepo. Gasi sayaka msanga ngati petulo, choncho mapulagi ofooka amaoneka mwachangu: injini imatsokomola ndi kunjenjemera. Ndi wouma ndiponso wotentha, kotero makaniko aziona mavavu kawirikawiri, pamodzi ndi sefa ya gasi. Ubwino wake ndi wakuti oyilo sada msanga ndipo utsi ndi wochepa.

Mwini galimoto adziwiretu kuti silinda ndi yolemera, imadya malo a katundu kumbuyo, ndipo pokwera chitunda galimoto imafookako. Wa takisi woyenda tsiku lonse mumzinda amabweza msanga ndalama zosinthira injini, koma wa ulendo wopita ku Mbeya ndi ku chipata cha Songwe ayambe wafunsa kumene akamwetsenso, popeza silinda imodzi siifika kutali ngati thanki yodzaza petulo.