Aphunzitsi odzipereka ochokera kunja: sukulu yawo yoyamba ili pamjigo

Kum'mawa kukangofiira, mzere wa ndowa pamjigo umakhala utatalika kale. M'midzi ina, pakati pa amayi odikira kupopa madzi pamaoneka mtsikana wachilendo, chitenje chikumuvuta kumanga, koma moni akupereka kwa aliyense mmodzimmodzi. Belu la kusukulu likamalira, yemweyo amakhala ataima kutsogolo kwa ana a Fomu 2, choko chili m'manja. Ana amamuitana kuti madamu. Amayi a pamjigo anamupatsa kale dzina la mfunda, mwina Nabanda, mwina Naphiri. Ameneyu ndi mmodzi mwa aphunzitsi odzipereka, anthu amene amasiya kwawo kutsidya kwa nyanja n'kudzaphunzitsa m'sukulu zathu popanda malipiro a pamwezi.

Ntchitoyi inayamba kale. Bungwe la VSO la ku Britain linayamba mu 1958. Mu 1961 Pulezidenti John F. Kennedy wa ku America anakhazikitsa Peace Corps, ndipo gulu lake loyamba linafika kuno mu 1963, dziko lino likadatchedwa Nyasaland. Mmodzi mwa amene anabwera m'zaka zoyambirirazo anali Paul Theroux, amene anaphunzitsa pa Soche Hill asanatchuke polemba mabuku, ndipo anathamangitsidwa mu 1965 atathandiza David Rubadiri, yemwe anali atasemphana maganizo ndi boma la Kamuzu. Dziko la Japan linayamba kutumiza achinyamata ake kuno mu 1971, pansi pa ndondomeko imene lero imayendetsedwa ndi JICA, ndipo ambiri a iwo aphunzitsa masamu ndi sayansi. Germany nayo inatsegula ndondomeko ya weltwärts mu 2008, ya achinyamata a zaka 18 mpaka 28.

Chimene chimawabweretsa ndi kuchepa kwa aphunzitsi. Boma litachotsa fizi ya kupulayimale mu 1994, ana oposa miliyoni imodzi anawonjezeka m'makalasi, ndipo patapita zaka anawo anafuna malo kusekondale. Malo akale ophunzirira a MCDE anasandutsidwa sukulu zoyendera za CDSS, zambiri zili kumudzi, kopanda labotale, kopanda magetsi, aphunzitsi a masamu, sayansi ndi Chingerezi ali owerengeka. Kumeneko n'kumene odzipereka ambiri amatumizidwa.

Asanagwire choko, amayamba iwowo kukhala ana asukulu. A Peace Corps amakhala kuno miyezi 27, ndipo pafupifupi miyezi itatu yoyamba amaithera m'mudzi, aliyense pakhomo pa banja limene lamulandira ngati mwana. Masana amaphunzira Chichewa, Chitumbuka kapena chinenero china cha kumene akakhale. Madzulo phunziro limasamukira kukhitchini. Amayi a pakhomopo amamuonetsa kusonkha moto, kuthira ufa m'madzi ofunda, kudikira phala kuti lithakathe, kuvundula ndi mthiko mpaka nsima italimba, kenaka kuomola ndi chipande. Amamuphunzitsa kusadzula nkhwani, kutendera masamba, kuchapa pamwala, kusamba madzi a ndowa imodzi m'bafa la udzu, kuyatsa mbaula makala ali onyowa. Amamuuza kuti pakhomo pa munthu timayamba ndi odi, kuti polandira chinthu timalandira ndi manja awiri, kuti mkulu sitimupatsa moni tili chiimire ngati mtengo. Ngati ndi wamkazi, amamva kuti mawondo sakhala pamtunda. Lamulo la kavalidwe la mu 1973, limene linkaletsa akazi mathalauza ndi masiketi aafupi, linachoka kalekale, koma kumudzi chitenje chikadali ulemu wa mayi.

Ine ndimaona kuti apa m'pamene pagona ntchito yonse. Mphunzitsi amene sanaphunzire kukhala pamudzi savutika kunyumba kokha, amavutikanso m'kalasi. Amakwiya mwana akachedwa, osadziwa kuti mwanayo wayenda mtunda wautali atayamba wathirira kudimba. Amadabwa kuona kalasi ili pululu m'mwezi wa February, osadziwa kuti nkhokwe zauma ndipo ana apita kuganyu. Amayesa mwano mwana akamayankha atazolika, pomwe kwa ife ndiwo ulemu. Koma amene anasenzapo ndowa pamutu kuchokera kumjigo amamvetsa mtsikana amene akuodzera pa phunziro loyamba.

M'kalasi momwemo ntchito si yamasewera. Ana amadzaza mpaka kukhomo, buku limodzi akugwirira angapo. Kusekondale maphunziro ndi a m'Chingerezi, koma ana ambiri anayamba kuphunzira m'chinenerochi ali mu Sitandade 5, ndipo kalankhulidwe ka mlendo kamawapita pambali. Choncho mlendoyo amaphunzira kulankhula pang'onopang'ono, kulemba mawu pabolodi, kuponyamo Chichewa pamene zathina. Mvula ikawomba pamalata, mawu onse amamira, ndipo phunziro limapitirira ndi choko chokha. Kopanda zipangizo za sayansi, mabotolo apulasitiki, zitsekerero ndi njere za chimanga zimalowa ntchito. Akaweruka amalemba masikimu, kuchonga makope, kukonzekeretsa a Fomu 4 mayeso a MSCE a MANEB, n'kuyendetsa kalabu ya atsikana, ya zachilengedwe kapena ya Edzi Toto. Usiku amawerenga pa kanyali ka sola, ali m'kati mwa neti kuopa malungo.

Zimene zimawalemera kwambiri si chimbudzi chokumba kapena kudikira minibasi kuti idzaze. Ndi kusungulumwa pakati pa anthu ambiri. Ana amawatsatira akufuula kuti azungu, ena akusuzumira pazenera. Wochokera ku Japan amatchulidwa Mchaina tsiku ndi tsiku. Wakuda wochokera ku America amavutika kuti anthu amukhulupirire za kwawo, ndipo akaphonya mwambo sakhululukidwa msanga ngati mnzake woyera. Kwawo anazolowera kudzitsekera m'nyumba akatopa. Kuno chitseko chotseka masana chimafunsitsa ngati munthu wadwala kapena wanyada. Ndiye pali maliro. Mphunzitsi amene amamva kuti kwagwa zovuta n'kusiya zonse, kukakhala pansi pasiwa pamodzi ndi amayi kapena pansi pa mtengo pamodzi ndi abambo, n'kuponya kachipepeso kake m'mbale, ameneyo mudzi umamuwerenga kuti ndi wathu. Kuyambira tsiku limenelo, makolo amabwera okha akaitanidwa kusukulu.

Za m'thumba, amalandira kandalama ka pamwezi kongokwanira chakudya, sopo ndi maulendo, kuti moyo wawo usatalikirane ndi wa anthu owazungulira. Nyumba nthawi zambiri imakhala ya pasukulu kapena yoperekedwa ndi mudzi. Komabe tisadzinamize kuti afanana ndi anzawo a m'chipinda cha aphunzitsi. Akadwala, bungwe lawo lili ndi madokotala ake. Zinthu zikavuta, tikiti ya ndege ilipo. Mu March 2020, mliri wa Covid-19 utabuka, Peace Corps inabweza kwawo odzipereka ake onse padziko lonse, pafupifupi 7,000, m'masiku ochepa chabe. Sukulu zitatsegulidwa, amene anabwerera pabolodi ndi aphunzitsi a konkuno, aja amene amadikira malipiro kumapeto kwa mwezi, ana awo ali m'kalasi lomwelo.

Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona: ambiri abweretsa njira zatsopano zophunzitsira, atsegula malaibulale, alimbikitsa atsikana amene akanasiyira panjira. Anatinso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Zaka ziwiri zimatha mwana amene anamupeza mu Fomu 1 asanalembe n'komwe MSCE. Laibulale imene mlendo anaiyendetsa yekha imatsekedwa iye akangokwera basi. Imene anaiyendetsa pamodzi ndi mphunzitsi mnzake wa pasukulupo, ahedi ndi komiti akuidziwa bwino, imakhalabe yotsegula. N'chifukwa chake ahedi anzeru samuponyera mlendo makalasi onse ovuta kuti ena apume, koma amamupatsa mnzake woyenda naye, kuti lumo lija litsale m'manja mwa mwini mudzi.

Tsiku lotsanzikana pamakhala zolankhula, fanta ndi mphatso ya chitenje. Amathokozedwa mlendo, bungwe lake ndi dziko lake, ndipo n'koyenera. Ndikadakonda kuti pamwambo womwewo aziitanidwanso kutsogolo amayi aja amene anamugwira dzanja pa mthiko, amene anamuphikira phala atadwala, amene anamunong'oneza pomwe ayenera kukhala pamaliro. Sali pa ndandanda wa aphunzitsi, ndipo palibe amene anawalipira, koma mphunzitsi amene ana akumulira lero anamuphunzitsa ndi iwowo.