Hutala ya galimoto: kupeza vuto ndi kukonza

Hutala ndi chipangizo cha magetsi chimene dalaivala amaliza pochenjeza anthu oyenda pansi, apanjinga ndi madalaivala anzake. Ena amaitchula kuti belu. Magalimoto oyambirira ankagwiritsa ntchito kalipenga kokhala ndi mpira wofinya ndi dzanja, ndipo mu 1908 Miller Reese Hutchison wa ku America analembetsa hutala imene inatchuka ndi dzina loti Klaxon. Masiku ano malamulo a pamsewu m'maiko ambiri salola galimoto kuyenda popanda hutala yolira bwino. Ku Malawi, hutala ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimayesedwa galimoto ikapita kokatenga COF.

Mmene imagwirira ntchito

M'kati mwa hutala muli koyilo ya waya, kachitsulo kopyapyala kooneka ngati chivundikiro cha chitini, ndi timilomo tiwiri tachitsulo togundana. Magetsi akalowa, koyiloyo imasanduka maginito n'kukoka kachitsulo kaja. Kakangosuntha, timilomo timalekana, magetsi amaduka, kachitsulo n'kubwerera pamalo pake, timilomo n'kugundananso. Zimenezi zimachitika maulendo pafupifupi 400 kapena 500 pa sekondi imodzi, ndipo kunjenjemerako ndiye kulira kumene timamva. Magalimoto ambiri ali ndi mahutala awiri olira pamodzi, ina ya mawu okwera, ina ya mawu otsika.

Magetsi ake amachokera ku batire la mavolti 12, amadutsa pa fyuzi, kenako pa kaswichi kotchedwa relay, n'kufika pa hutala. Pobwerera ku batire amadzera m'chitsulo cha galimoto, chimene amakaniko amati ethi. Batani la pachiwongolero silinyamula magetsi onsewo. Ntchito yake ndi kungodzutsa relay, ndipo relay ndi imene imatsegula njira. Magalimoto ena akale alibe relay.

Kufufuza vuto

Hutala ikasiya kulira, anthu ambiri amathamangira kukagula yatsopano, koma nthawi zambiri vuto limakhala panjira ya magetsi. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba ndi zinthu zotsika mtengo komanso zosavuta kuzifikira.

Choyamba ndi fyuzi. Bokosi la mafyuzi limapezeka m'boneti kapena pansi pa dashibodi, ndipo pachivundikiro chake pamakhala chithunzi chosonyeza ntchito ya fyuzi iliyonse. Ya hutala imakhala ya maampu 10, 15 kapena 20. Ngati kawaya ka m'kati mwake kaduka, iyenera kusinthidwa ndi ina ya nambala yomweyo. Chizolowezi chokulunga fyuzi yakupsa ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, kapena kulowetsapo waya, n'choopsa: fyuzi inaikidwa kuti ipse m'malo mwa mawaya, ndipo ikasowa, amapsa ndi mawayawo, nthawi zina galimoto yomwe. Fyuzi yatsopano ikapsanso nthawi yomweyo, ndiye kuti penapake waya wasupuka ndipo akukhudza chitsulo.

Fyuzi ikakhala yabwino, munthu mmodzi adine batani wina atatchera khutu pa relay. Kamvekedwe kake kamagawa ntchito pawiri. Ikamveka kuti "tiki", batani ndi mawaya a kuchiwongolero zili bwino, ndipo vuto lili m'timilomo ta relay, m'waya wopita kutsogolo kapena pa hutala penipenipo. Ikangokhala chete, vuto lili pa relay kapena kuchiwongolero. Njira yachidule yoyesera relay ndi kuisinthanitsa kwa kanthawi ndi ina yofanana nayo ndendende ya m'bokosi lomwelo.

Hutala imamangidwa kutsogolo, kuseri kwa bampala kapena pafupi ndi radiyeta, kumene madzi, matope ndi fumbi zimafika mosavuta. Pamalo olumikizira mawaya pamachita dzimbiri, makamaka nyengo ya mvula ikatha. Mahutala a waya umodzi amapeza ethi kudzera pa bawuti, choncho dzimbiri la pamenepo limakwanira kuitseka pakamwa. Kumasula, kupala ndi sandipepala mpaka chitsulo chitawala, ndi kumanganso molimba kumathetsa mavuto ambiri popanda kugula kanthu. Ikakanabe, hutala ichotsedwe n'kulumikizidwa mwachindunji ku batire ndi mawaya awiri, bwino kwambiri wa ku + ukhale ndi fyuzi. Ikalira, ili moyo ndipo vuto lili m'mawaya a galimoto. Tesita ya babu imasonyeza pamene magetsi akuthera. Ikapanda kulira, yafa.

Mawu osasa kapena ofooka kawirikawiri amatanthauza kuti imodzi mwa mahutala awiri aja yafa, kapena mwalowa madzi. Ena ali ndi kasikuluwu kumbuyo kosinthira mpata wa timilomo, ndipo kukapotoza pang'ono kumabwezeretsa mawu.

Vuto la kuchiwongolero

Popeza chiwongolero chimazungulira, magetsi a batani amadutsa mu kalamba ka mawaya kozengedwa, kotchedwa clock spring. Kalambaka kamaduka chifukwa cha ukalamba, kapena chiwongolero chikamasulidwa n'kubwezedwa molakwika. Zizindikiro zake ndi hutala yolira pokhapokha chiwongolero chikakhotetsedwa mbali ina, mabatani a wailesi apachiwongolero osagwira ntchito, ndi nyale ya airbag yosazima padashibodi. Nyaleyi ndi nkhani yaikulu kuposa hutala, chifukwa ikusonyeza kuti airbag ya dalaivala mwina siingaphulike pa ngozi.

Apa ndi pamene munthu wosaphunzira ntchitoyi ayenera kulekera. Airbag imatha kuphulikira munthu kumaso ikagwidwa mosasamala, choncho amakaniko amayamba achotsa waya wa − pa batire ndi kudikira mphindi zingapo asanamasule chilichonse. Ena amazemba ntchitoyi pomangirira batani lina padashibodi. Hutala imaliradi, koma pa nthawi ya ngozi dzanja limathamangira pakati pa chiwongolero, ndipo vuto la airbag limakhala lilipobe.

Hutala yosasiya kulira

Zimachitikanso kuti hutala imayamba kulira yokha osasiya, ngakhale pakati pa usiku. Choyambitsa chimakhala relay imene timilomo take tamatirirana, batani lokanirira, kapena waya wa batani wokhudza chitsulo. Kuzula fyuzi kapena relay ya hutala kumaiziziritsa nthawi yomweyo. Ikasiyidwa choncho, koyilo imatentha n'kupsa ndipo batire limatha mphamvu.