Madzi m'injini: kuchapa mwaye kapena kupha mpamba?

Njinga yamoto ikayamba kulephera chitunda cha ku Nchilamwela itasenza nthochi kapena mapeyala opita ku Bvumbwe, alangizi sasowa. Ena amati thirani madzi pang'ono mu kabuleta injini ikulira, mwaye wonse utuluka. Musanayese, werengetsani bwino.

Mwayewo ndi weniweni. Petulo akamapanda kupsa bwino, kapena oyilo akamalowa mopsera mafuta, pamwamba pa pisitoni, pa mavavu ndi pa pulagi pamakakamira chikhakha chakuda. Injini imayamba kugogoda pokwera, mphamvu imachepa, mafuta nkumatha msanga. Phindu la tsikulo limathera pa filing'i siteshoni.

N'zoonanso kuti madzi akasanduka nthunzi amatha kugwedeza mwayewo. Ndege zina za pankhondo yachiwiri ya dziko lonse zinkapopera madzi m'injini, ndipo galimoto ya BMW M4 GTS imateronso. Koma kumeneko makina amapopera madzi ngati nkhungu, moyeza, ndipo cholinga ndi kuziziritsa injini kuti ikhale ndi mphamvu. Si munthu wogwira botolo m'manja.

Vuto ndi lakuti mpweya umapanikizika, madzi sapanikizika. Pa njinga ya 125cc, pisitoni ikafika pamwamba, malo otsala ndi pafupifupi supuni imodzi yaikulu basi. Dzanja likangotsetsereka, madzi nkudzaza malowo, pisitoni imagunda ngati pakhoma ndipo chitsulo choigwira, konirodi, chimapindika. Apo ndiye kumasula injini yonse, katundu akuwolera pakhomo. Pa pikapu ya dizilo, pomwe mpweya umapanikizidwa kwambiri, musayese n'komwe.

Chotsika mtengo ndi kutseka njira yomwe mwaye ukubwerera. Yambani ndi fyuluta ya mpweya, chifukwa misewu yafumbi yodutsa m'minda ya tiyi imaitseka msanga, ndipo injini yosowa mpweya imamwa mafuta ambiri. Masulani pulagi muione: ikakhala yakuda youma, petulo akuchuluka, ikakhala yonyowa ndi oyilo, vuto lili mkati. Utsi nawo umanena. Wakuda ndi mafuta osapsa bwino, wobiriwirako ndi oyilo, kutanthauza kuti malin'gi kapena zotsekera za mavavu zatha. Pamenepo madzi sangathandize kanthu.

Samalaninso ndi mafuta a m'zigubu omwe amachuluka petulo akasowa. Akakhala osakaniza ndi palafini sapsa bwino, ndipo amasiya mwaye wambiri. Sinthani oyilo pa nthawi yake, ndipo musamasiye injini ikungolira pa siteji podikira makasitomala.

Ngati mwaye wakula kale, pitani kwa makaniko amasule mutu wa injini aupale ndi manja. Gwirizanani mtengo asanagwire sipanala, ndipo muuzeni akuonetseni zitsulo zomwe wachotsa. Safunsa anadya phula. Ndalama ya fyuluta ndi pulagi mungaibweze ndi maulendo ochepa a ku Bvumbwe kapena ku Limbe, koma ya injini yatsopano ingadye mpamba wanu wonse.