Ngalande Yopachikidwa M'mwamba

Kumudzi, mitambo ikayamba kusonkhana mu Novembala, bambo sachita kuuzidwa. Amatenga khasu n'kulambula ngalande kuzungulira nyumba, kuti madzi otsika padenga asadikhe m'tsinde mwa chipupa koma athamangire kunthochi. Ngalandeyo ikakwiririka ndi mchenga, aliyense wodutsa amaona, ngakhale mwana amanena. Ikasiyidwa, chipupa chimanyowa kuyambira pansi, ndipo tonse tinaonapo nyumba ya zidina ikugwada mu Januwale.

Nyumba za ku England nazonso zili ndi ngalande imeneyi. Kusiyana kwake n'kwakuti yawo anaipachika m'mwamba, m'mphepete mwa denga, ndipo amisiri amaitcha gata. M'mizinda ngati Manchester, Leeds ndi Leicester, kumene nyumba za njerwa zimagundana mzere umodzi msewu wonse, gata amakhala pamwamba pa chipinda chosanja. Munthu akhoza kukhala m'nyumbamo zaka zisanu osaonapo m'kati mwake. Vuto lonse limayambira pamenepo: ntchito ya ngalandeyi ndi yomwe ija ya kumudzi, koma diso silifikako.

Tiyeni tiyeze madziwo ndi ndowa. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa sikweya mita imodzi, imeneyo ndi lita imodzi. Denga la masikweya mita 50 likalandira mvula ya mamilimita 20, pamatsika malita 1,000, ndiye kuti ndowa 50 za malita 20. Madzi onsewa ayenera kudutsa m'mapaipi otsikira pansi, amene m'nyumba zambiri ndi a mamilimita 68, kukula kwake ngati chitini cha chakumwa choziziritsa kukhosi. Masamba odzaza dzanja limodzi ndi okwanira kutseka pakamwa pa paipi yotero.

Ndipo masambawo sasowa. Mu Okutobala ndi Novembala mitengo yambiri ya kumeneko imayoyola masamba onse, monga umachitira mlambe m'chilimwe, koma kwathu masamba amagwa kukuuma, n'kuuluzika ndi mphepo. Kumeneko amagwa mvula ili m'kati. Amamatirira m'gata, n'kusakanikirana ndi ndere zogumuka padenga, n'kuola mpaka kusanduka dothi lakuda ngati manyowa a m'khola. Ndinaonapo udzu ndi timitengo titamera m'gata, tili gwa, ngati nazale. Zikafika apo madzi amasefukira n'kumatsetsereka ndi chipupa. Patapita milungu, m'chipinda chogona mumaoneka banga lonyowa pakona, utoto umafufuma, chuku chakuda chimayamba, zovala m'kabati zimanunkha chinyontho. Mvula ya kumeneko si ya mabingu yogwa ola limodzi n'kukata. Ndi yamvumbi, ngati chiperoni cha ku Thyolo chokana kuchoka, ndipo dzuwa loti liumitse chipupa palibe.

Pali china chimene ngalande ya kumudzi sichidziwa, ndicho kuundana kwa madzi. Aliyense amene anadzazapo botolo mpaka pakamwa n'kuliiwala mufiriza amakumbukira zimene anapeza m'mawa: botolo litafufuma kapena litang'ambika. Madzi akaundana amakula pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi. Gata wodzaza masamba onyowa ndi botolo lomwelo. Usiku wozizira wa Disembala zonse zija zimauma gwa, zimakankha polumikizira mpaka mpira wotsekera ulekane, ndipo kulemera kwake kumathyola tizitsulo togwira gata. Magata achitsulo a nyumba zakale amachita kung'aluka. Njerwa imene yamwa madzi nayonso imasweka nkhope yake ikaundana. N'chifukwa chake ine ndimati nthawi yoyeretsa ndi kumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, masamba atatha kugwa koma chisanu chisanalimbe. Mukafulumira mu Okutobala, gata adzadzazanso. Mukachedwa mpaka Januwale, mudzapeza mwala woti dzanja silingakumbe.

Denga lenilenilo lili ndi nkhani yake. Nyumba zambiri zakale anafolera ndi masileti, mwala womwe uja agogo athu ankalembapo kusukulu, ndipo ambiri anakumbidwa kumapiri a kumpoto kwa Wales, kumadera ngati Bethesda ndi Blaenau Ffestiniog. Sileti limatha kukhala zaka zoposa 100. Chimene chimatopa msanga ndi msomali woligwira, monga zimakhalira ndi malata kwathu kuti dzimbiri limayambira pamsomali. Msomali ukadyeka, sileti limatsetsereka pang'ono, ndipo mphepo imapeza polowera. Namondwe Darragh, amene anaomba Wales ndi kumadzulo kwa England kumayambiriro kwa Disembala 2024, anabwera pa nthawi imene anthu anali atayamba kale kukongoletsa nyumba pokonzekera Khirisimasi. Kuona denga sikufuna kukwerapo. Imani tsidya lina la msewu masana, muyang'ane ngati mizere ya masileti ili yowongoka ndiponso ngati pali pena pakuoneka mpata. Kenako lowani kudenga kwa m'kati ndi tochi, mukhudze matabwa ngati ali onyowa.

Za makwerero ndilankhule mosabisa, chifukwa zimandiopsa. Mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, pansi pamaterera, ndipo munthu wochoka ku shifiti ya usiku miyendo imakhala yolefuka. Lamulo la amisiri ndi lakuti pa mamita anayi alionse okwera m'mwamba, phazi la makwerero litalikire mita imodzi kuchoka kuchipupa, ndipo wina agwirire pansi. Koma ngati nyumba ndi yosanja, ine ndimati itanani odziwa. Ambiri otsuka mawindo ali ndi makina oyamwa zinyalala okhala ndi ndodo yaitali, ndipo amayeretsa gata ataima pansi. Pokoleka magetsi a Khirisimasi, gulani timapulasitiki tokowekera m'mphepete mwa gata. Msomali wokhomedwa pathabwa la pansi pa denga umasiya bowo, ndipo madzi amalowa pomwepo mpaka thabwa liole.

Abale athu ambiri kumeneko amachita lendi, ndipo ena amaopa kudandaula poganiza kuti avutitsa eni nyumba. Ku England, lamulo la Landlord and Tenant Act la 1985 limaika udindo wokonza denga, magata ndi mapaipi a kunja m'manja mwa mwininyumba. Koma iye sangakonze chimene sanauzidwe. Jambulani banga lija ndi foni, mulembe uthenga wokhala ndi tsiku, muusunge. Makamaka inu amene mwagula kale tikiti yokadyera Khirisimasi ku Lilongwe kapena ku Chipata, lembani musananyamuke, chifukwa nyumbayo ikhala milungu itatu yopanda woiyang'ana pa nyengo yoipitsitsa ya chaka.

Kuyesa kosavuta kulipo. Tsiku limene mvula ikugwa yamphamvu, valani jekete, mutuluke, mukaime pafupi ndi paipi yotsikira pansi. Mukamva madzi akusokosera m'kati mwake, njira ili bwino. Paipi ikakhala chete pamene madzi akugwa ngati nsalu kuchokera m'mphepete mwa denga, kapena chipupa chili ndi mzere wobiriwira kuchokera m'mwamba, ndiye kuti pena patsekeka. Mvula ikakata, mutenge foni.