Kodi Gulu la Magazi Litchinjiriza Munthu ku Mliri?

M'chaka cha 2020, pamene mliri wa Covid-19 unali kusautsa maiko, kunamveka mbiri yakuti anthu a magazi a gulu la O sangagwidwe ndi nthendayi. Mbiriyi inali ndi choonadi chake, koma chaching'ono kuposa momwe inakometsedwera, ndipo nkoyenera kuti awerengi athu adziwe pamene inachokera.

Magulu a A, B ndi O anapezedwa ndi Karl Landsteiner ku Vienna mu 1901. La AB linadziwika chaka chotsatira. Chimene chisiyanitsa maguluwa ndi timashuga tokhala pamwamba pa maselo ofiira a magazi. Tsono timashuga timeneti sitikhala m'magazi mokha ai. Mwa anthu ambiri tipezekanso m'malovu ndi m'kati mwa matumbo, ndipo apa mpamene pagona nkhani, pakuti vairasi sangalowe m'selo asanapeze pogwira.

Umboni womveka bwino unachokera ku norovirus, kachirombo kosanzitsa ndi kotsegula m'mimba, kamene kanatenga dzina ku tauni ya Norwalk m'dziko la America, kumene kanadwalitsa ana a sukulu mu 1968. Madotolo anamwetsa kachiromboka anthu odzipereka okha. Zimene anafalitsa mu 2002 zinaonetsa kuti a gulu la O anagwidwa msanga kuposa anzawo, pamene a gulu la B analimbako. Mu 2003 kunapezeka chodabwitsa china: anthu amene matupi awo satulutsa timashuga tija m'malovu ndi m'matumbo, amene ku Ulaya ali pafupi mmodzi mwa asanu alionse, sanagwidwe konse ndi mtundu wa Norwalk. Kachirombo kanasowa pogwira, kanangodutsa.

Nkhaniyi itikhudza ifenso, chifukwa rotavirus, amene atsegula m'mimba mwa makanda, agwiranso timashuga ta mtundu womwewu. Katemera wake anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2012, ndipo kafukufuku wa ku Blantyre wofalitsidwa mu 2019 anaonetsa kuti mwa ana olandira katemera, amene satulutsa timashugati sanadwale kawirikawiri poyerekeza ndi anzawo.

Nanga za Covid-19? Mu 2020 akatswiri anayeza odwala kwakayakaya oposa 1,600 a ku Italy ndi Spain, napeza kuti a gulu la A anachulukirapo, a gulu la O nacheperapo. Ena aganiza kuti chifukwa chake nchakuti munthu wa O ali ndi asilikali a m'thupi olimbana ndi shuga wa A ndi wa B, amene angathe kutsekereza vairasi wochokera kwa wodwala wa gulu lina. Koma limeneli likali ganizo chabe. Kusiyanako kunali kochepa ndithu poyerekeza ndi ukalamba, nthenda ya shuga kapena kunenepa kwambiri, ndipo a gulu la O ambirimbiri anadwala, namwalira.

Ife tiona kuti cholakwa chinali kuyesa gulu limodzi ngati lamwayi pa matenda onse. O yemweyo, amene achepetsa ngozi ya malungo aakulu, ndiye avutitsa mwini wake kwambiri kolera ikabuka, ngakhale kuti nthenda ziwirizi sizichokera kwa vairasi. Mphunzitsi akafunsidwa ndi ana za khadi la wopereka magazi, awauze kuti chilembo cholembedwapo chithandiza dotolo kusankha magazi oyenera kuika wodwala, ndipo kuti palibe chipatala chimene chimasula munthu ku katemera chifukwa cha chilembocho.